ZAKA 30 AKUFUNAFUNA MA NEUTRINO A DZUWA AMENE ANASOWA

Anzanga, werengani mpaka kumapeto musanatumize kwa ena.

Pakati penipeni pa dzuwa, hydrogen amaphatikizana n'kusanduka helium, ndipo kutentha konseku kumachokera pamenepo. Pomwepo pamatulukanso tizinthu tosaoneka totchedwa ma neutrino. Timeneti timaboola thanthwe, nyanja, ngakhale dziko lonse lapansi. Sekondi iliyonse, toposa 60 biliyoni timadutsa pamalo aakulu ngati chikhadabo chanu, usana ndi usiku, inu osamva kanthu.

M'zaka za m'ma 1960 ku America, John Bahcall anawerengera kuchuluka kwa ma neutrino amene dzuwa liyenera kutulutsa. Mnzake Ray Davis ndiye anapita kukawatchera. Anatsikira mu mgodi wa golide wa Homestake ku South Dakota, mamita pafupifupi 1,500 pansi pa nthaka, kuthawa cheza cha mumlengalenga chimene chikanasokoneza kawerengedwe. Kumeneko anaika thanki ya matani oposa 600 a mankhwala ochapira zovala ku dry clean. Neutrino ikagunda chlorine wa m'mankhwalawo, amasanduka argon, ndiye Davis amatulutsa argon uja n'kuwerenga ma atomu ake. Tangoganizani, thanki yonse ija imapanga pafupifupi atomu imodzi pa masiku awiri!

Zotsatira zinayamba kutuluka mu 1968, ndipo chaka ndi chaka nkhani inali yomweyo: Davis amangopeza gawo limodzi mwa magawo atatu. Enawo ali kuti? Apa ndiye panavuta. Ena amati masamu a Bahcall ndi olakwika, kutanthauza kuti sitilidziwa bwino dzuwa. Ena amati thanki ya Davis ndi yonama. Akuluakulu awiriwa anabwereza ntchito yawo kambirimbiri, koma palibe anakhotetsa nambala yake kuti ifanane ndi ya mnzake. Makina ena ku Japan, Italy ndi Russia nawonso anapeza kuti ma neutrino akuperewera.

Chonsecho yankho linali litanenedwa kale. Mu 1969, Bruno Pontecorvo, m'Taliyana amene anasamukira ku Soviet Union, pamodzi ndi Vladimir Gribov, analemba kuti mwina ma neutrino amasintha mtundu ali pa ulendo. Lero tikudziwa mitundu itatu: wa electron, wa muon ndi wa tau. Dzuwa limatulutsa wa electron wokha, ndipo thanki ya Davis imagwira womwewo basi. Zili ngati ukonde wogwira mtundu umodzi wa nsomba: ukavuula zochepa sindiye kuti nyanja yatha nsomba. Koma ambiri sanafulumire kuvomera, chifukwa kuti neutrino isinthe mtundu imayenera kukhala ndi kulemera, pomwe mabuku amati kulemera kwake ndi ziro.

Umboni unabwera mochedwa. Mu 1998, Super-Kamiokande ku Japan, thanki ya matani 50,000 a madzi pansi pa phiri, inaonetsa kuti ma neutrino opangidwa mumlengalenga mwa dziko lathu amasinthadi mtundu. Kenako SNO ku Sudbury, Canada, makilomita awiri pansi mu mgodi, inagwiritsa ntchito matani 1,000 a madzi apadera otchedwa heavy water, otha kuwerenga mitundu yonse itatu. Mu 2001 ndi 2002 anaulutsa zotsatira: a electron analidi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, koma ataphatikiza mitundu yonse, nambala inagwirizana ndi ya Bahcall. Eti onse awiri amanena zoona! Cholakwika chinali chija aliyense anangochivomera, chakuti neutrino ilibe kulemera.

Davis analandira mphoto ya Nobel mu 2002 ali ndi zaka pafupifupi 88. Takaaki Kajita wa Super-Kamiokande ndi Arthur McDonald wa SNO analandira mu 2015. Bahcall anamwalira mu 2005 osailandira, ndipo Pontecorvo anapita mu 1993 umboni usanapezeke.

Ndiye anzanga, nambala ziwiri zikakana kugwirizana, musathamangire kuloza wina kuti ndi wabodza. Yambani mwafufuza chimene nonse munangochikhulupirira osachiyesa.

Tumizani kwa ana a sukulu, makamaka a physics.