Chablis (vinyo)

Chablis ndi vinyo woyera wosatsekemera wa ku France. Dzinali ndi la tauni ya Chablis yomwe ili m'dera la Yonne, kumpoto kwa chigawo cha Burgundy, pafupi ndi mzinda wa Auxerre. Vinyoyu amapangidwa ndi mphesa za mtundu umodzi wokha, za Chardonnay. Amatchedwa wosatsekemera chifukwa yisiti amasandutsa pafupifupi shuga yense wa m'mphesa kukhala mowa.

Malo ndi mbiri

Minda ya mpesa ili m'mapiri ang'onoang'ono a m'mbali mwa mtsinje wa Serein. Dothi lake ndi la miyala ya laimu yosakanikirana ndi dongo, ndipo muli zigoba za nkhono zakale za m'nyanja. Derali ndi lozizira, motero mphesa sizipsa msanga ndipo zimakhala zowawasa. Chisanu cha mu Epulo ndi Meyi chimawononga mphukira, n'chifukwa chake alimi amayatsa moto m'minda kapena kuwaza madzi pa mpesa usiku. Amonke a ku Pontigny, omwe nyumba yawo inakhazikitsidwa mu 1114, anathandiza kufalitsa ulimiwu. Mu 1938 boma la France linateteza dzina la Chablis mwalamulo.

Magulu ake

Pali magulu anayi: Petit Chablis, Chablis, Premier Cru ndi Grand Cru. Gulu la Grand Cru ndi lapamwamba kwambiri ndipo limachokera m'minda isanu ndi iwiri yomwe ili pa phiri limodzi. Mindayi ndi Blanchot, Bougros, Les Clos, Grenouilles, Preuses, Valmur ndi Vaudésir.

Kalawidwe

Wolawa amayamba ndi kuona mtundu, kenako kununkhiza, ndipo pomaliza amalawa. Chablis wosakhalitsa amaoneka wachikasu chotuwa, chobiriwira pang'ono. Akamupukusa m'tambula amanunkhira ngati mandimu, maapulo osapsa ndi mwala wonyowa. M'kamwa amawawasa ndipo amachititsa dovu. Opanga ambiri amagwiritsa ntchito matanki achitsulo m'malo mwa migolo yamatabwa kuti fungo la mtengo lisaphimbe la zipatso.

Vinyoyu amakoma akazizira madigiri 10 mpaka 12. Akazizira mopitirira, fungo lake silimveka. Amagwirizana ndi nsomba, nkhono za m'nyanja ndi nyama ya nkhuku.

Kasungidwe

Kuwawasa n'komwe kumathandiza Chablis kukhala zaka zambiri osawonongeka, koma si botolo lililonse lomwe limafunika kusungidwa. Petit Chablis amamwedwa pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Premier Cru amatha kukhala zaka 5 mpaka 10, pomwe Grand Cru wabwino amapitirira zaka 10. Akamakhalitsa, mtundu wake umayamba kuoneka ngati golide ndipo fungo limasintha n'kumamveka ngati uchi, mtedza ndi bowa.

Malo osungira ayenera kukhala amdima, achinyezi pang'ono, osagwedezeka, ndiponso ozizira pafupifupi madigiri 12 chaka chonse. Kutentha ndiko kumawononga vinyo kwambiri chifukwa kumamukalambitsa msanga, ndipo akawonongeka sabwereranso mwakale. Botolo la chotsekera cha cork limagonekedwa chammbali kuti chotsekeracho chisaume. Chikauma chimalowetsa mpweya, ndipo vinyo amasanduka wofiirira n'kutaya kukoma. M'madera otentha, opanda zipinda zapansi zozizira, anthu amagwiritsa ntchito firiji yapadera ya vinyo kapena amangogula botolo loti amwe posachedwa.

Zizindikiro za kuwonongeka

Fungo longa la katoni yonyowa limasonyeza kuti chotsekera chinali ndi vuto, pomwe fungo la viniga kapena la maapulo ovunda limasonyeza kuti mpweya unalowa. Botolo lotsegulidwa limatsekedwanso n'kuikidwa mufiriji, ndipo limamwedwa pasanathe masiku atatu kapena asanu.