Past perfect ya Chingerezi: momwe imayendera ndi mawu a malo ndi a nthawi

Wophunzira aliyense wa fomu 4 amadziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi, bungwe la MANEB silipereka satifiketi ya MSCE, ngakhale maphunziro enawo atayenda bwino. Chimodzi mwa zinthu zomwe timaona zikutayitsa malikisi, m'chimangirizo ngakhalenso m'mafunso a galamala, ndi nthawi ya mneni yotchedwa past perfect. Ophunzira athu kuno ku Katawa ndi madera ena a mumzinda wa Mzuzu amaidziwa kapangidwe kake, koma amasokonezeka akafuna kuiphatikiza ndi mawu onena malo ndi nthawi. M'phunziro lino tafotokoza malamulo ake mwatsatanetsatane.

Kodi past perfect n'chiyani?

Imapangidwa ndi liwu loti "had" motsatana ndi mtundu wachitatu wa mneni: had gone, had eaten, had arrived. Liwu la "had" silisintha, kaya mwininkhani ndi mmodzi kapena ambiri. Ntchito yake ndi kuonetsa kuti pa zinthu ziwiri zomwe zidachitika kale, chimodzi chidatsogola.

"When we arrived at the depot, the bus had already left."
Titafika kudepoti, basi inali itanyamuka kale.

Taonani kuti Chichewa chili nayo njira yakeyake yonenera zimenezi: "inali itanyamuka", "anali atapita", "tinali titadya". Pokana timati "anali asanafike", ndipo Chingerezi chimati "had not yet arrived". Choncho pamene mtima ukunena kuti "anali ata-" kapena "anali asana-", pamenepo m'pamene pakufunika "had".

Si nthawi ya "kalekale"

Apa m'pamene pagona cholakwa chachikulu. M'Chichewa timasiyanitsa "wapita" ndi "adapita", monganso Chitumbuka chimanenera "wakaluta" pa zomwe zidachitika kale. Ophunzira ambiri amaganiza kuti "had" ndiye "-da-" wa Chingerezi, ndiye amalemba kuti "Malawi had become independent in 1964." Chiganizo chimenechi chikaima pachokha n'cholakwika, chifukwa palibe chinthu chachiwiri chomwe tikuyerekeza nacho. Cholondola ndi "Malawi became independent in 1964." Koma tikabweretsa nthawi ina yakale, "had" amalowa bwino:

"When Malawi became a republic in 1966, it had been independent for two years."

Kutalika kwa zaka sikuitana past perfect. Chomwe chimaiitana ndi nthawi ina yakale yomwe taimapo n'kucheukira m'mbuyo.

Dongosolo la mawu: malo, kenako nthawi

M'Chichewa tikhoza kunena kuti "anali atafika ku Karonga m'mawa" kapena "anali atafika m'mawa ku Karonga", ndipo zonse zimamveka. Chingerezi chimakonda dongosolo limodzi: mneni, pamtherankhani, malo, kenako nthawi.

"The traders had sold their tomatoes at the market before noon."

Muonjezi wa nthawi tikhoza kumusamutsira kumayambiriro ngati tikufuna kutsindika: "Before noon, the traders had sold their tomatoes at the market." Chomwe sitingachite ndi kulowetsa malo pakati pa mneni ndi pamtherankhani. "They had sold at the market their tomatoes" ndi Chingerezi chothyoka.

Nthawi zikakhala ziwiri, timayamba ndi yaing'ono: "at six o'clock on Monday". Malonso chimodzimodzi: "at a shop in Luwinga".

Mawu a nthawi

By. Liwuli limatanthauza "pofika". Ndi mnzake weniweni wa past perfect chifukwa limatipatsa pamalo poima. "By 1976, the capital had moved from Zomba to Lilongwe." Pofika 1976, likulu linali litasamuka kale, popeza lidasamuka mu 1975.

For ndi since. "For" ndi "kwa", ndipo amatsatana ndi kutalika kwa nthawi. "Since" ndi "kuyambira", ndipo amatsatana ndi poyambira penipeni. "When Mzuzu University admitted its first students in 1999, Mzuzu had been a city for fourteen years." Tikhozanso kunena kuti "had been a city since 1985". Koma "since fourteen years" n'kulakwa, monganso sitinena kuti "kuyambira zaka khumi ndi zinayi".

Before ndi after. Chomwe chidatsogola ndicho chimatenga "had". "Dr Banda had worked as a doctor in London before he moved to Kumasi in 1953." Ndi "after", nthambi yomwe ili ndi mlumikiziyo ndiyo imanyamula "had": "After the rain had stopped, we walked to Chibavi." Popeza mawu awiriwa amaonetsa okha chomwe chidayamba, aphunzitsi amavomeranso simple past mbali zonse ziwiri.

When. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa "had" amasintha nkhani yonse. "When we reached Nkhata Bay, the Ilala left" akutanthauza kuti tidafika, kenako sitima idanyamuka, mwina tili m'katimo. "When we reached Nkhata Bay, the Ilala had left" akutanthauza kuti tidapeza sitima itapita, tidatsala padoko.

Ago ndi earlier. "Ago" amawerenga kuchokera lero, ngati mawu athu oti "zapitazo", motero amayenda ndi simple past: "She left two years ago." Tikaima pa nthawi yakale, timagwiritsa ntchito "earlier" kapena "before": "She had left two years earlier."

Already, just, never. Timawu timeneti timakhala pakati pa "had" ndi mneni: "had just left", "had never seen the lake". Koma kapandamneni wautali saloledwa pamenepo. Sitingalembe "had in the morning left".

Mawu a malo

Ife tili ndi pa-, ku- ndi mu-, koma aperekezi a Chingerezi safanana nawo ndendende. "Ku" mmodzi yemweyo akhoza kukhala "to", "at" kapena "in" malinga ndi mneni.

Mneni woonetsa ulendo amafuna "to": "had gone to Rumphi", "had moved to Chiputula". Mneni woonetsa kukhala amafuna "in" pa mzinda, boma kapena dziko, ndi "at" pamalo amodzi odziwika: "had lived in Mzimba", "had waited at the roundabout".

"Arrive" satenga "to". Timati "had arrived in Blantyre" kapena "had arrived at Chileka". "Reach" satenga mperekezi aliyense: "had reached Mzuzu". Mawu oti "home", "there" ndi "abroad" nawonso safuna "to". Chitsanzo chomwe chaphatikiza zonsezi n'ichi: "When Dr Banda arrived at Chileka on 6 July 1958, he had lived abroad for more than forty years."

Tisiyanitsenso "gone" ndi "been". "He had gone to Johannesburg" ndiye kuti pa nthawiyo munthuyo anali atapita ndipo anali asanabwerere. "He had been to Johannesburg" ndiye kuti anali atafikako ndi kubwerako.

Pofotokoza zomwe wina adanena

Mafunso a reported speech amayesa zinthu zitatu nthawi imodzi: mneni, malo ndi nthawi. Munthu akanena kuti "I came here yesterday", pofotokoza timati "He said that he had gone there the day before." Mneni wabwerera m'mbuyo kukhala past perfect, "here" wasanduka "there", ndipo "yesterday" wasanduka "the day before". Momwemonso "last week" amakhala "the previous week". Wophunzira amene wasintha mneni yekha n'kusiya "yesterday" wangogwira theka la ntchito.

Yesani izi

Konzani ziganizo zotsatirazi musanaone mayankho.

1. They had arrived to Ekwendeni before sunset.
2. She had lived since five years in Katawa when she married.
3. The match had started ten minutes ago when we entered the stadium.

Mayankho: 1. They had arrived at Ekwendeni before sunset. 2. She had lived in Katawa for five years when she married. 3. The match had started ten minutes earlier when we entered the stadium.

Okondedwa ophunzira, musanalembe "had" dzifunseni kuti: kodi nthawi inayo yomwe ndaimapo ili kuti m'chiganizo changa kapena m'ndime yanga? Ngati palibe, gwiritsani ntchito simple past. Ngati ilipo, lembani "had", ikani malo patsogolo, nthawi pambuyo, ndipo muonetsetse kuti mperekezi akugwirizana ndi mneni wake. Kwa makolo omwe amathandiza ana homuweki, njira yapafupi ndi kumuuza mwanayo kuti anene chiganizocho m'Chichewa. Mukamva "anali ata-", dziwani kuti "had" ali pamalo pake.