Tchizi cha mkaka wa mbuzi choundanitsidwa ndi zomera

Kuti mkaka usanduke tchizi, umayamba waundana. Opanga tchizi ambiri amagwiritsa ntchito rennet, yomwe kuyambira kale imatengedwa m'chifu cha thole kapena mwana wa mbuzi woyamwa. Koma m'madera ena ntchitoyi imagwiridwa ndi zomera.

Ku Portugal ndi ku Spain amaviika m'madzi maluwa ouma a chomera chaminga chotchedwa Cynara cardunculus, kenako n'kuthira madziwo mu mkaka. Tchizi chotchuka cha Serra da Estrela, cha mkaka wa nkhosa, chimapangidwa motero, ndipo maluwawa amaundanitsanso mkaka wa mbuzi. Ku Turkey abusa amadontheza utomoni wa mkuyu mu mkaka wa mbuzi popanga chakudya chotchedwa teleme.

Chimene chimaundanitsa mkaka ndi ma enzyme odula mapuloteni. Chymosin, wa mu rennet, amadula makamaka malo amodzi a puloteni ya mu mkaka yotchedwa casein. Cardosin wa m'maluwa aja ndi ficin wa mu mkuyu amadula malo ambiri, ndipo cardosin amapitirizabe ntchitoyi tchizi chikamakhwima. Zotsatira zake ndi tizidutswa tochuluka ta mapuloteni totchedwa peptide.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ma antioxidant, zinthu zimene zimathetsa mphamvu ya ma free radical, tinthu towononga maselo a thupi ndi kuchititsa mafuta a m'chakudya kununkha. Ma peptide okhala ndi ma amino acid monga tyrosine, tryptophan ndi histidine ali ndi mphamvu imeneyi, choncho tchizi chodulidwa kwambiri chimakonda kuionetsa mokulirapo pochiyeza. Mkaka wa mbuzi umabweranso ndi vitamini A. Mbuzi imasandutsa beta-carotene wa mu msipu kukhala vitaminiyu, n'chifukwa chake tchizi chake chimakhala choyera mbee.

Komatu kudula komweko kuli ndi mtengo wake. Kukapyola muyeso, tchizi chimawawa, chimafewetsa, ndipo mapuloteni ambiri amatayikira m'madzi otsalira. Vutoli limakula pa mkaka wa mbuzi, womwe mwachibadwa umaundana mofewa kusiyana ndi wa ng'ombe. Wopanga tchizi ayenera kusamala kuchuluka kwa madzi a zomerazo, kutentha kwa mkaka ndi nthawi yokhwimitsa.

Mphamvu ya ma antioxidant imayezedwa mu labotale ndi njira monga DPPH ndi ABTS. Zotsatira zake zimaonetsa zimene zachitika m'botolo loyezera, osati m'thupi la munthu, kumene ma peptide amagayidwanso m'mimba. Tchizichi ndi chakudya chopatsa thanzi, si mankhwala.

Zomerazi siziphanso tizilombo. Mkaka wa mbuzi wosaphika umatha kufalitsa matenda a brucellosis, monga anatulukira Themistocles Zammit ku Malta mu 1905. Kuutenthetsa pa madigiri 63 kwa mphindi 30 usanaundanitsidwe kumapewetsa ngoziyi.