Maphunziro a ndale ndi kayendetsedwe ka boma ku sekondale

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi ana amene akukhala kwa abale ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri kuti aphunzire sekondale. Mwana akafika Fomu 3 amasankha maphunziro oti adzalembe pa mayeso a MSCE, ndipo makolo amatifunsa ngati ndi koyenera kuti Msilamu aphunzire za ndale. Ife timayankha kuti ndi koyenera.

Maphunzirowa ali pati?

M'sukulu za boma mulibe phunziro lotchedwa ndale palokha. Nkhanizi zimapezeka mu Social Studies ndi History, zomwe mayeso ake amakonza ndi bungwe la MANEB. Wofuna kuzama amapitiriza ku University of Malawi ku Zomba, komwe kuli maphunziro a ndale ndi kayendetsedwe ka ntchito za boma.

Mwana amaphunzira chiyani?

Choyamba ndi malamulo aakulu a dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa referendamu ya pa 14 June 1993. Amaphunzira nthambi zitatu za boma: aphungu opanga malamulo, pulezidenti ndi nduna zake oyendetsa dziko, komanso makhoti otanthauzira malamulo. Chitsanzo cha mmene nthambizi zimayang'anirana ndi chigamulo cha pa 3 February 2020, pomwe khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndipo anthu anavotanso pa 23 June.

Amaphunziranso za maboma aang'ono, kuti adziwe kusiyana kwa ntchito ya khansala, phungu ndi mfumu. Zinyalala zikaunjikana pamsika wa Ndirande, nkhaniyo ndi ya khonsolo ya mzinda wa Blantyre kudzera mwa khansala. Wosadziwa izi amangodandaula m'minibasi, osafika pakhomo loyenera.

Chisilamu chikutinji?

Chipembedzo chathu chimatcha udindo kuti amanah, chinthu chosungitsidwa chimene mwini mpando adzafunsidwa nacho pamaso pa Allah. Chimalimbikitsa shura, kutanthauza kukambirana musanagamule, ndipo Surah ya 42 ya Qur'an imadziwika ndi dzina limeneli. Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) atasamukira ku Madinah mu 622 anakhazikitsa pangano lolembedwa la momwe Asilamu ndi Ayuda azikhalira mumzinda umodzi. Choncho nkhani za ulamuliro si zachilendo kwa ife. Choletsedwa ndi bodza, ziphuphu, miseche ndi ziwawa, osati kudziwa momwe dziko likuyendera.

Phindu lake

Nthawi ya atsamunda makolo athu ambiri sankatumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo. Chikhulupiriro anachisunga, koma m'maofesi ogamula zinthu tinakhala ochepa kwa zaka zambiri. Tikadziwa malamulo, mawu athu amamveka. Gawo 33 la malamulo aakulu limateteza ufulu wa chipembedzo. Mkangano wa hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma unafika pa mgwirizano mu 2021 kudzera m'zokambirana zimene linatsogolera bungwe la Public Affairs Committee, momwe Muslim Association of Malawi ndi membala.

Mnyamata wophunzira izi amadziwanso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa andale kugawa ndalama pokopa mavoti. Wotere savomera kugenda anzake pamsonkhano chifukwa cha kandalama ka tsiku limodzi.

Langizo kwa makolo

Musamuletse mwana phunziroli chifukwa cha mantha. Mufunseni zimene waphunzira, ndipo aziwerenga nyuzipepala ndi kumvera zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo pa wailesi. Alimbikire Chingerezi, poti popanda kukhoza phunziro limeneli satifiketi ya MSCE sapatsidwa. Madrassah asasiye, chifukwa nzeru za ulamuliro zopanda kuopa Allah ndi zimene zimabala akuba a chuma cha boma. Akakwana zaka 18 akalembetse m'kaundula wa mavoti.

Allah awapatse ana athu maphunziro opindulitsa. Ameen.