Dima la Makompyuta: Mbiri ya Beowulf

Munthu akakhala ndi munda waukuru woti sangathe kuulima yekha, amaitana anzace kudima. Nzeru yomweyi ndiyo anatsata akatswiri ena a makompyuta. M'malo mwa kupanga makina amodzi amphamvu zoposa, iwo analumikiza makina ambiri ndi mawaya kuti agawane nchito imodzi. Gulu lotere pa Cingerezi amalichula cluster.

Kale amene anafuna kuwerengera zinthu zobvuta anayenera kukhala ndi ndarama zambiri, pakuti Cray-1, imene inaikidwa ku Los Alamos m'caka ca 1976, mtengo wace unaposa madola 8 miliyoni. Kampani ya Datapoint inayamba kulumikiza makina m'caka ca 1977, ndipo pofika 1984 kampani ya Digital inali kugulitsa VAXcluster. Ogula anaikonda makamaka cifukwa makina amodzi akafa, otsalawo anali kupitiriza nchito.

Koma dima liri ndi bvuto lace, ndipo Gene Amdahl analilongosola kale m'caka ca 1967. Pa nchito iri yonse pali gawo losagawika, monga momwe anthu makumi awiri sangafulumize kupsa kwa mowa. Ngati gawo limodzi mwa magawo 10 liri lotere, ngakhale mutasonkhanitsa makina 1,000, nchitoyo siingafulumire koposa kakhumi. Cinanso, makinawo amataya nthawi potumizirana mau, ndipo akacuruka, kukambirana kumaposa kulima.

Tsono m'caka ca 1994, pa malo a NASA ochedwa Goddard ku America, Thomas Sterling ndi Donald Becker anatenga makina 16 a mtundu wa Intel 486, omwewo amene anthu wamba anali kugula m'sitolo, nawalumikiza ndi mawaya a Ethernet. Anaikamo Linux, dongosolo loyendetsa kompyuta limene linali laulere, ndiponso munthu ali yense anali ndi ufulu wa kulisintha. Apa ndipo panagona nkhani, pakuti Becker, poona kuti njira imodzi ya mawaya inali kucedwetsa mau, anakonza dongosololo kuti mauwo adziyenda m'njira ziwiri nthawi imodzi. Gululo analicha Beowulf, dzina la ngwazi ya m'ndakatulo yakale ya Angerezi. Kunena zoona, mphamvu yace siinali yodabwitsa. Cimene cinadabwitsa anthu ndi kucepa kwa mtengo wace, ndiponso kuti omangawo sanabise mamangidwe ace. Posacedwa masukulu apamwamba ambiri anayamba kudzimangira magulu ao.

Ku Oak Ridge, m'caka ca 1997, Forrest Hoffman ndi William Hargrove, posowa ndarama, anatolera makompyuta akale amene anzao anawaleka m'maofesi, nawalumikiza. Pofika 2001 makinawo anakwana 133, ndipo ndi iwo anajambula mapu osonyeza zigawo za dziko la America monga mwa nthaka, mvula ndi kutentha kwace.