Guluu wa zikwangwani zowala pa Chiponde

Kumata sikunayambe lero. Makolo athu ankaphika utomoni wa mitengo n'kupanga ulimbo wotchera mbalame, ndipo oimba ng'oma ankamata phula pachikopa kuti ng'oma ilire bwino. Chomatira chilichonse chinali ndi ntchito yake, ndipo palibe amene ankasokoneza.

Pa Chiponde, chipata chathu cholowera ku Mandimba m'dziko la Mozambique, zikwangwani zakale zinali za penti, zolembedwa pakhoma kapena palata. Dzuwa likalowa, dzina la golosale linkalowa nalo, n'kutsala koloboyi pakauntala. Kuti chikwangwani chiziwala usiku panafunika zinthu zitatu: pulasitiki, guluu ndi kuwala, ndipo chilichonse chinabwera nthawi yake.

Choyamba chinali pulasitiki woonekera ngati galasi. Kampani ya Röhm & Haas ku Germany inamutulutsa mu 1933 pa dzina loti Plexiglas, ndipo ICI ya ku Britain inabwera ndi wake wotchedwa Perspex, dzina limene amisiri athu amagwiritsabe ntchito. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankapangira mawindo a ndege. M'nkhondo yomweyo, mu 1942, Harry Coover akufufuza pulasitiki woonekera woika pamfuti, anapeza mankhwala omata chilichonse chimene akhudza. Anawasiya poona kuti akungomusokoneza, ndipo anadzayamba kugulitsidwa mu 1958. Mankhwala amenewa ndiwo supaguluu amene lero timagula pa okala iliyonse.

Kuwala kunachedwa. Nick Holonyak anapanga LED yofiira mu 1962, koma yabuluu, imene inatsegula njira ya kuwala koyera, Shuji Nakamura anaikwanitsa ku Japan mu 1993. Itatchipa, inafika mpaka kunyanja, kumene asodzi a usipa ambiri anaika pambali nyali za parafini n'kutenga mababu a batire. Kumtunda kuno, kupitirira Namwera, inafika pa timashopu ta Mpamba ndi Airtel Money, m'mabalashopu ndi m'malo otchajitsira mafoni.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mnyamata wadula bwino Perspex wake, walumikiza timababu, kenako n'kuthamangira supaguluu chifukwa amagwira pompopompo. M'mawa mwake, mozungulira babu lililonse mwayera mbuu. Ndi nthunzi ya guluuyo imene imakhazikika papulasitiki, ndipo siichoka ndi madzi. Ikabwera nyengo yotentha ya Okutobala, Perspex amafutukuka masana n'kubwerera usiku, pamene supaguluu ndi wouma gwa. Mapeto ake ndi timing'alu ndi mababu olendewera pamawaya. Zimandipweteka kuona ntchito yabwino ikuonongeka chifukwa cha kachubu kotchipa kuposa zonse zimene munthuyo wagula.

Guluu wosungunula ndi kamfuti kamagetsi amafewa chikwangwani chikatentha. Epoxy imagwira zolimba, koma yambiri imasanduka yachikasu ikakhalitsa padzuwa. Mankhwala amadzimadzi olumikizira Perspex amagwira posungunula pulasitikiyo, n'chifukwa chake amathandiza pa Perspex ndi Perspex mnzake basi, osati pa babu.

Silikoni woonekera ndiye amalolera kufutukuka, komabe ali mitundu iwiri. Mukatsegula chubu n'kumva fungo lowawasa la viniga, musiyeni: asidi wakeyo amadya kopa wa mawaya pang'onopang'ono mpaka mababu kuzima. Funani wolembedwa kuti neutral cure. Pukutani Perspex ndi madzi a sopo, osati thinala, aume, kenako mumate ndi kumusiya tsiku lathunthu osamugwedeza. Pa mababu a m'lamba, tepi yoonekera yomata mbali zonse, monga VHB ya kampani ya 3M, imagwira bwino popanda kudetsa, ndipo silikoni amangothandizira kumapeto ndi polowa mawaya.

Amisiri anzanga, musanamate chikwangwani cha kasitomala, yesani kaye pa kachidutswa kotsala, mukaike padenga la malata masiku angapo. Supaguluu musungireni nsapato.