Ayambe wadikira

Sabata zitatu zapitazo, titatuluka m'tchalitchi, abusa athu anandikokera pansi pa mtengo wa mango nandipatsa envulopu. M'kati mwake munali fomu yochokera ku likulu la mpingo. Mnyamata wina wa mumpingo mwathu wapempha kukaphunzira ubusa, ndipo ife akulu a mpingo amene timamudziwa tiyenera kumuchitira umboni. Mafunso oyamba sanandivute: khalidwe lake, banja lake, ngati ali ndi ngongole, ngati anayamba wakhalapo ndi mlandu mumpingo. Funso lomaliza ndilo landisowetsa tulo. Likufuna ndinene ngati mnyamatayu ndi wokonzeka, kapena ayambe wadikira.

Ndamudziwa kuyambira ali ku Sande sukulu. Maliro akagwa ku Maramba kapena ku Libuyu, iye amafika woyamba atasenza nkhuni, ndipo amachoka anthu onse atabalalika. Koma mukamuimika kutsogolo kuti alalikire, mawu amamuthawa. Lachitatu lina anawerenga vesi lake bwinobwino, natiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangopempha kuti tiimbe nyimbo. Anzanga awiri analemba kale mafomu awo, ndipo onse anati adikire.

Ine ndikathedwa nzeru ndimayenda pansi. Ndinatsata msewu wa Mosi-oa-Tunya mpaka ku myuziyamu, kumene amasunga makalata ndi katundu wa David Livingstone. Nditaima pamenepo ndinakumbukira kuti munthu amene tawuni yathu inatengera dzina lake nayenso anatsala pang'ono kulephera mayeso omwewa.

Mu 1838 bungwe la London Missionary Society linatumiza Livingstone ku Chipping Ongar, ku England, kuti akayesedwe kwa miyezi ingapo m'manja mwa m'busa Richard Cecil. Ophunzira ankaloweza ulaliki wawo pamtima. Tsiku lina anamutuma kukalalikira m'katchalitchi ka ku Stanford Rivers. Anawerenga vesi, mutu unayera, anauza anthu kuti waiwala zonse zimene anakonza, natuluka. Lipoti la Cecil linayamikira khalidwe lake ndi nzeru zake, koma linadandaula kuti ndi wolemera pakamwa, wokayikakayika polalikira ndi popemphera. Akuluakulu a bungwelo anatsala pang'ono kumubweza. Potsiriza anagwirizana zomuonjezera nthawi. Pa 20 November 1840 anadzozedwa ku Albion Chapel mu London, ndipo mwezi wotsatira anakwera sitima ya pamadzi kulinga ku Africa. Mu November 1855 anafika pa mathithi athuwa.

Nkhaniyi abusa amakonda kuifotokoza pofuna kulimbikitsa amanyazi, ndipo ilidi yolimbikitsa. Koma ine chimene chinandigwira mtima tsiku limenelo ndi kutalika kwa nthawi. Livingstone atauzidwa kuti adikire, anadziwa cholakwa chake, anali ndi mphunzitsi womuthandiza, ndipo pasanathe zaka zitatu anali m'busa. Anthu akuda amene anatumikira m'mamishoni a dziko lino anauzidwanso mawu omwewo, koma kwa iwo kudikirako kunalibe tsiku lothera.

Tiyambe ndi tchalitchi cha Coillard Memorial, chimene chili mommuno m'tawuni. Chimakumbutsa François Coillard wa mishoni ya Paris, amene anakhazikika kwa Alozi kuyambira 1885 namwalira mu 1904. Coillard sanabwere yekha. Anatsagana ndi alaliki a Chisutu ochokera ku Lesotho, ndipo popeza chinenero chawo chinali pafupi ndi chimene chinkalankhulidwa m'chigwa cha Zambezi, iwo ndiwo ankamveka msanga kwa anthu. Ankaphunzitsa sukulu, ankalalikira, ena anaika ana awo m'manda chifukwa cha malungo monga momwe azungu anachitira. Koma udindo wawo unathera pa ulaliki. Mu 1900 mmodzi wa iwo, Willie Mokalapa, anachoka m'mishoni nayambitsa mpingo wake mogwirizana ndi African Methodist Episcopal Church, mpingo wa anthu akuda wa ku America umene unali utafika kale ku South Africa. Kumeneko munthu wakuda ankatha kudzozedwa. Poyamba mfumu Lewanika inamuthandiza, chifukwa inkafuna sukulu zophunzitsa Chingerezi. Patapita zaka zochepa ntchitoyo inagwa, ndipo nkhani ya ndalama zimene zinatayika ku Cape Town inaononga mbiri yake. Amishoni akanatha kunena kuti mwaona, sanali wokonzeka. Ine ndimafunsa kuti akanakhala wotani akanamupatsa njira yokwerera m'nyumba momwe anakuliramo.

Kuchoka pamenepo ndinapita ku St Andrew's, tchalitchi chakale cha Anglican. Bishopu John Edward Hine anafika m'Livingstone mu 1910, tawuni ili ndi zaka zisanu zokha, itatsala pang'ono kukhala likulu la Northern Rhodesia. Anali atatumikirapo ngati bishopu ku Likoma ndi ku Zanzibar, kumene anazolowera kugwira ntchito ndi ansembe akuda. Kuno anapeza azungu amene anasonkha ndalama zomangira tchalitchi koma osafuna kuti munthu wakuda azipempheramo, ndipo anakangana nawo. Pa nthawi yomweyo Hine anaitana Leonard Kamungu, Mchewa wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, namupatsa dera lonse la Msoro kum'mawa kwa dziko. Kamungu anaphunzira ku Zanzibar, anadzozedwa udikoni mu 1902, ndipo unsembe anaulandira mu 1909. Zimenezo ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pomwe dikoni wa ku England kawirikawiri ankadikira chaka chimodzi. Anafika ku Msoro mu 1911 namwalira mu 1913. M'zaka ziwiri zokhazo anatsegula masukulu nakhazikitsa mpingo umene sunafe, ndipo lero ku Msoro kuli kafidulo. Munthu amene azungu a m'Livingstone sakanafuna kukhala naye pa benchi limodzi ndiye anaika maziko a mpingo wawo kum'mawa.

Dzina la Livingstone linaperekedwanso ku mishoni ya Livingstonia ku Malawi, ndipo kumeneko nkhani ya kudikira ndi yowawa kwambiri. Charles Domingo, amene anakulira m'manja mwa Robert Laws, anamaliza maphunziro a ubusa cha m'ma 1900, analoledwa kulalikira, koma zaka zinapita osadzozedwa. Mu 1908 anatopa nachoka. Abusa akuda oyamba a mishoniyo, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka pafupifupi makumi anayi chiyambire mishoni. David Kaunda, bambo wa pulezidenti wathu woyamba, anatumizidwa ku Chinsali cha m'ma 1905 ndipo anayambitsa ntchito kwa Abemba a kumeneko mmishonale wachizungu asanakhazikikeko. Anadzozedwa mu 1930, namwalira mu 1932. Anatumikira zaka zoposa makumi awiri asanaloledwe kunyema mkate wa mgonero, ndipo ubusa anaugwira zaka ziwiri zokha. Kwa a Dutch Reformed nakonso, mishoni inayamba ku Magwero mu 1899, koma Justo Mwale, amene sukulu ya ubusa ya ku Lusaka imatchedwa dzina lake, anadzozedwa mu 1929.

Sindikufuna kunamizira amishoni kuti analibe chifukwa chilichonse. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteyo imachenjeza kuti wotembenuka kumene asapatsidwe udindo woyang'anira mpingo, ndiponso kuti manja asasanjikidwe mofulumira pa munthu. M'busa amasunga zinsinsi za mabanja, amagwira ndalama za amayi amasiye, amakhala yekha ndi ana a anthu. Akalakwa, si iye yekha amene amavulala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mpingo umene sudekha podzoza umadzalira pambuyo pake. Koma kudekha kwa amishoni ambiri kunali ndi sikelo ziwiri. Mzungu wa zaka makumi awiri ndi zisanu, wosadziwa ngakhale kupereka moni m'chinenero cha anthu, ankafika atadzozedwa kale nayamba kulamula mlaliki wa imvi amene anabatizitsa theka la mudzi. Wina ankamuyesa pa zimene angathe kuphunzira. Mnzakeyo ankamuyesa pa chinthu chimene sakanatha kusintha.

Akatolika a m'tawuni muno amandithandiza kuona kuti vuto silili m'kuchuluka kwa zaka. Ansembe a Chikapuchini ochokera ku Ireland anafika m'Livingstone mu 1931, dayosizi inakhazikitsidwa mu 1959, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 Adrian Mung'andu anakhala bishopu wakuda woyamba wa kuno, asanasamutsidwire ku Lusaka. Mnyamata wofuna unsembe lero amadutsa chaka cha maphunziro a moyo wauzimu, kenako filosofi ku Mpima kufupi ndi Kabwe, kenako maphunziro a zaumulungu ku St Dominic's mu Lusaka, kuphatikizapo nthawi yotumikira m'parishi. Ulendowu ndi wautali, ndipo ambiri amatsikira panjira. Koma makwerero ake amadziwika, ndipo chaka ndi chaka aphunzitsi amakhala pansi kumuunika. Pa tsiku lodzoza bishopu amafunsa poyera ngati munthuyo ndi woyenera, ndipo womupereka amayankha kuti Akhristu anafunsidwa. Kwa Anglican nakonso mwambo wakale ndi woti dzina la wofuna kudzozedwa lilengezedwe m'tchalitchi cha kwawo, kuti wodziwa chifukwa chomuletsera anene. Fomu imene ili pa tebulo langa inachokera m'mwambo womwewo. Anthu amene amaona munthu ali kumsika, ali ku maliro, ali wokwiya, amadziwa zimene mayeso olemba sangaulule.

Mpingo wa ku Barotseland, wobadwa mwa mishoni ya Paris, unalowa mu United Church of Zambia pomwe mpingowo unakhazikitsidwa ku Mindolo mu January 1965. Kuyambira nthawi imeneyo sikelo inabwera m'manja mwathu. Tinapezanso ena oti tiwauze kuti adikire, ndipo anali amayi. Violet Sampa-Bredt anadzozedwa mu 1976, mayi woyamba wa Chizambia kulandira ubusa mumpingo umenewo, ndipo m'mipingo ina khomo limenelo lidakali lotseka.

Masiku ano tapendekera mbali ina. Chiyambire 1991, pomwe Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, mipingo yachuluka kwambiri. Lamlungu m'mawa mukayenda ku Dambwa kapena ku Linda mumva masipika akulira m'makalasi a sukulu. Mwa atsogoleri ake muli anthu oona mtima amene ndimawalemekeza. Muli enanso amene sanayesedwe ndi munthu aliyense, amene anagona ali wamba nadzuka ali mneneri. Anthu amawatsata chifukwa pakamwa pawo m'potsekemera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikadziyang'ana bwino, ifenso a mipingo yakale timayesa munthu ndi pakamwa kuposa china chilichonse. Mnyamata wodziwa kukweza mawu ndi kuponya Chingerezi timamuvomereza msanga. Wa chibwibwi wosenza nkhuni timamuuza kuti ayambe wadikira, ndipo sitimuuza kuti mpaka liti.

Ndinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, ndinakhala pansi ndi fomu ija. Sindinalembe kuti ndi wokonzeka kudzozedwa, chifukwa sali wokonzeka, ndipo iye mwini akudziwa. Koma fomuyo sikumudzoza. Ikungomutsegulira khomo la koleji, kumene ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu zimene sadziwa. Ndinalemba zimene ndinaona ndi maso anga. Ndinalemba za usiku umene anagona pansi m'chipatala pafupi ndi nkhalamba yopanda abale. Ndinalemba kuti anasunga thumba la achinyamata zaka zitatu ndipo sipanasowe ngwee. Ndinalembanso za Lachitatu lija, osabisa kanthu, ndi kuti Lachitatu lotsatira anabweranso kudzapempha kuti ayesenso. Ndinati kulalikira kumaphunziridwa, koma sindidziwa koleji imene imaphunzitsa munthu kufika woyamba pa maliro a mlendo.

M'munsi mwake ndinaonjezera pempho limodzi kwa a komiti. Ngati aona kuti adikire, amuuze chifukwa chake, amupatse munthu womuthandiza, ndipo atchule mwezi umene adzamuonenso. Richard Cecil ndi anzake anachitira Livingstone zoterozo. Domingo ndi Kaunda sanachitiridwe zimenezo.

Lamlungu ndinabweza envulopu kwa abusa. Anandifunsa ngati ndagwirizana ndi anzanga awiri aja. Ndinati, "Ayi abusa, pano tasiyana." Anagwedeza mutu naiika m'chikwama. Komiti ikumana mwezi wa mawa, ndipo mnyamatayo tamuika pa ndandanda kuti alalikirenso Lachitatu likudzali.